Ndagwa m'tchimo, nanga kupemphera ndiyambirenso pati?

Mkhristu akagwa m'tchimo loti iye mwini likumuchititsa manyazi, kutchalitchi sasiya msanga. Amapitabe, chifukwa akajomba anthu ayamba kufunsa. Nyimbo amaimba nawo, chopereka amaponya. Chimene chimafa msanga ndi pemphero la payekha, lija la m'chipinda anthu onse atagona. Amagwada n'kupeza kuti m'kamwa mwauma. Mawa lake sagwadanso. Sabata imatha, mwezi umatha, ndipo tsiku lina amazindikira kuti chaka chapita asanalankhule ndi Mulungu mawu ochokera pansi pa mtima, ngakhale kuti pamaliro akamuloza kuti atsegule ndi pemphero amapemphera bwinobwino, anthu n'kuvomera "Amen".

Tchimolo lingakhale chigololo, ndalama za gulu zimene anadya, mowa umene analumbira kuti wasiya, kupita kwa sing'anga usiku mwana atadwala, kapena bodza limene linachotsetsa mnzake ntchito. Kaya ndi liti, maganizo obwera pambuyo pake amafanana: "Ndiyambe ndakonzeka kaye. Ndikatha miyezi ingapo osabwereza, ndidzakhala ndi nkhope yoonekera nayo kwa Mulungu."

Maganizo amenewa amamveka ngati ulemu. Koma ndi amene amasunga anthu ambiri kunja zaka ndi zaka, ndipo Malemba sagwirizana nawo. M'Baibulo munthu amabwerera ku pemphero asanakonzeke, chifukwa kukonzekako kumayambira pomwepo.

Mbuzi yopita nayo kwa Mulungu

Kubisala munthu akalakwa n'kwakale. Pa Genesis 3, Adamu ndi Hava sanadikire kuthamangitsidwa. Atangomva kuti Mulungu akuyenda m'munda, anathawa okha kukabisala m'mitengo. Woyamba kulankhula anali Mulungu, ndipo anayamba ndi funso: "Uli kuti?"

Ife tilinso ndi china chimene tinakula nacho. Kumudzi, munthu amene mlandu wamugwera sapita kwa amfumu chimanjamanja. Amalipira chindapusa, nkhuku kapena mbuzi malinga ndi kukula kwa mlanduwo, ndipo ngati mbuziyo sanaipeze amayamba wazemba pabwalo. Pakati pa anthu mwambowu uli ndi nzeru zake. Chovuta n'chakuti timaunyamula n'kupita nawo kwa Mulungu. Timayamba kusakasaka mbuzi: kusala kudya masiku atatu, kukachezera kuphiri ku Bunda kapena ku Soche, chopereka choposa masiku onse, miyezi ingapo ya khalidwe labwino yoti tikaonetse. Alipo ena odzitcha aneneri amene anaona msika pamenepa, ndipo munthu wosweka mtima amamuuza kuti abzale mbewu ya ndalama kuti kumwamba kutseguke. Anthu otere Petro anawayankha kale pamene ankadzudzula Simoni wa ku Samariya pa Machitidwe 8:20, kuti ndalama zake zitayike naye limodzi chifukwa ankayesa kuti mphatso ya Mulungu ndi yogula.

Nkhani imene imathyola maganizo a chindapusawa ndi ya Davide pa 2 Samueli 11 ndi 12, koma timaiwerenga mothamanga. Davide anatenga Bateseba, mkazi wa msilikali wake Uriya, n'kumupatsa pakati. Atalephera kubisa, analemba kalata yoti Uriya aikidwe pamene nkhondo yakula, anzake n'kumusiya yekha, ndipo kalatayo anapatsira Uriya yemweyo kuti apite nayo kwa Yowabu, mkulu wa asilikali. Kenako anakhala chete. Pamene mneneri Natani ankabwera n'kuti mwana atabadwa kale. Ndiye kuti mfumu inatha miyezi yosachepera 9 ikuweruza milandu ya anthu ena, wake itaukhalira. Salimo 32, limene ambiri amaligwirizanitsa ndi nyengo imeneyi, likufotokoza mmene kukhala chete kotere kumamvekera m'thupi: mafupa kukalamba, kubuula tsiku lonse, mphamvu kuuma.

Tsono taonani zimene chilamulo cha Mose chinkanena pa milandu iwiriyi. Wachigololo chilango chake chinali imfa, ikutero Levitiko 20:10. Wopha munthu mwadala, Numeri 35:31 ikuletseratu kumulandirira dipo. Nsembe za uchimo zinalipo, koma makamaka zinali za zolakwa zosachitira dala. Davide, mwini makola odzaza, analibe chiweto ngakhale chimodzi chimene chikanatha mlandu wake. N'chifukwa chake pa Salimo 51:16-17 akunena kuti nsembe Mulungu sakondwera nayo, ikanakhala yofunika akanapereka, koma chimene Mulungu sachipeputsa ndi mtima wosweka. Amenewa ndi mawu a munthu amene wafufuza paliponse n'kupeza kuti alibe cholipira.

Natani atamuphera fanizo la munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, n'kumuuza kuti wolemerayo ndi iyeyo, Davide anavomera kuti wachimwira Yehova. Yankho lili m'vesi lomwelo, 2 Samueli 12:13: Yehova wachotsa tchimo lanu, simudzafa. Sanamuuze kuti ayambe wayesedwa kaye chaka.

Yesu anaphunzitsa zomwezo. Mwana wolowerera wa pa Luka 15 anakonzeratu mawu ali kutali, ndipo mawu omaliza anali oti atate ake amutenge ngati wantchito. Ankafuna kubweza pogwira ganyu. Mukawerenga vesi 21 mupeza kuti mawu amenewo sanawafike. Atate anali atayamba kale kuitanitsa mwinjiro. Izi sizikutanthauza kuti tchimo ndi nkhani yaing'ono kwa Mulungu. Chikhristu chimanena kuti mlanduwo unalipidwa ndithu, koma analipira ndi wina, pamtanda. N'chifukwa chake 1 Yohane 1:9 ikunena kuti tikavomereza machimo athu, Mulungu ndi wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira, ndipo mutu wotsatira ukuyamba ndi kunena kuti wina akachimwa tili nayo Nkhoswe kwa Atate. Kalata imeneyi Yohane ankalembera anthu obatizidwa kale, osati akunja.

Mavesi amene amaopseza anthu

Wina anena kuti, "Koma paja Baibulo lomwelo likuti Mulungu samvera ochimwa?" Mawuwo alipodi, pa Yohane 9:31. Anawalankhula ndi munthu uja anabadwa wosaona, potsutsana ndi Afarisi: mfundo yake inali yoti Yesu akanakhala wochimwa sakanatha kumutsegula maso. Sankapereka lamulo lotseka pakamwa pa wolapa. Salimo 66:18 nalo limati ndikadasunga choipa mumtima, Ambuye sakadamvera. Pamenepa akunena munthu wopempha madalitso tchimo atalifungatira, wosafuna kuti likhudzidwe. Wobwera ndi tchimolo kudzalitula ndi munthu wina. Wamsonkho wa pa Luka 18 anaima patali, osafuna n'kukweza maso komwe, n'kungoti, "Mulungu, mundichitire chifundo, ine wochimwa." Yesu anati ameneyo ndiye anapita kwawo atayesedwa wolungama.

Oopsa kwambiri ndi mawu a tchimo lochitira mwano Mzimu Woyera, losakhululukidwa. Achinyamata ambiri asowa nawo tulo. Marko 3:30 akufotokoza yekha chifukwa chake Yesu ananena zimenezi: alembi ankaona ntchito ya Mzimu wa Mulungu ndi maso awo n'kumanena kuti ndi ya mzimu wonyansa. Ndi mtima wouma dala umene umatcha kuwala mdima, ndipo mtima wotere sufuna chikhululukiro. Vesi 28, limene anthu amalidumpha, likuti machimo onse a ana a anthu adzakhululukidwa, ngakhale zamwano zimene achita. Abusa akhala akunena kuyambira kale kuti amene akuda nkhawa kuti mwina anachita tchimo limeneli, nkhawayo ikusonyeza kuti mtima wake sunafike pouma choncho, ndipo ndikuona kuti akunena zoona. Ahebri 6:4-6 ndi 10:26 nawo akukamba za kutaya Khristu mwadala pambuyo pomudziwa, kumupondereza ndi kuyesa magazi ake chinthu wamba, monga 10:29 ikufotokozera.

Mipingo imasiyana pa funso loti kodi wokhulupirira weniweni angataye chipulumutso. A mipingo ya Chipresibateriya amati ayi, angagwe kolimba koma Mulungu amamudzutsa. Akatolika, a Methodist ndi a Pentekoste ambiri amati inde, munthu angachoke m'chisomo. Mkanganowu ndi wakale ndipo sutha lero. Koma pa funso la munthu amene wagwa n'kufuna kubwerera, onsewa amayankha chimodzimodzi. Chivomerezo cha Westminster cha m'chaka cha 1646, chimene Apresibateriya a ku Scotland anachilandira, chimati palibe tchimo laling'ono moti silingayenere chilango, komanso palibe lalikulu moti lingatayitse munthu wolapa moona.

Anthu awiri usiku umodzi

Petro ndi Yudasi anagwa usiku umodzi. Timakonda kunena kuti Petro analapa, Yudasi sanalape, koma Mateyu 27:3-5 akusonyeza kuti Yudasi anachita zambiri zimene ife timazitcha kulapa. Anamva chisoni. Anaulula poyera kuti anachimwa popereka magazi osalakwa. Ndalama 30 zasiliva zija anabweza. Pa zinthu zooneka ndi maso anamuposa Petro, amene anangotuluka n'kukalira. Koma Yudasi anapita ndi mlandu wake kwa ansembe aakulu, anthu amene anamugula, ndipo iwo anamuyankha kuti zimenezo n'zake, iwo sizikuwakhudza. Atachoka pamenepo anakhala yekha n'kudziweruza yekha. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 akusiyanitsa chisoni chaumulungu chimene chimatembenuza mtima, ndi chisoni cha dziko chimene chimabala imfa. Kukula kwa chisoni si kumene kumasiyanitsa ziwirizi, koma kumene chisonicho chikumutengera munthu. Ndipo ngati manyazi anu afika pokupatsani maganizo odzipha, musadikire Lamulungu; uzani munthu lero lomwe, kaya mbale, m'busa kapena achipatala.

Petro sanachoke pakati pa anzake. M'mawa wa kuuka kwa Ambuye anali nawo, ndipo uthenga wa mngelo pa Marko 16:7 unamutchula dzina: kauzeni ophunzira ake, ndi Petro. Yohane 21 akutionetsa pafupi zimene zinachitika kunyanja ya Tiberiya. Kukucha, asodzi atachezera usiku wonse osapha kanthu, pagombe pali moto wa makala, nsomba ili pamoto, mkate uli pambali. Moto wa makala Yohane akuutchula kawiri kokha: pano, ndi m'bwalo la mkulu wa ansembe pamene Petro ankawotha akukana Mbuye wake. Yesu anayamba wawadyetsa kaye. Atatha kudya m'pamene anafunsa katatu ngati Petro amamukonda, ndipo kachitatuko Petro anamva kuwawa. Yesu sanaikwirire nkhaniyo, anaikhudza pabala penipeni, koma sanafunse kuti, "Unandikaniranji?" kapena "Ulonjeza chiyani?" Petro, amene kale ankadzitama kuti ena onse angathawe koma iye ayi, tsopano anangoti Ambuye adziwa zonse.

Kudulidwa mumpingo si kudulidwa kwa Mulungu

Apa m'pamene anthu ambiri kwathu kuno amasokonezeka. Munthu akagwa pamakhala nkhani zingapo zoyenda pa liwiro losiyana: ya iye ndi Mulungu, ya iye ndi mpingo, ndi ya iye ndi amene anamulakwira. Yoyambayo ingathe usiku womwewo. Zinazo zimatenga nthawi, ndipo munthu akaona kuti zikuchedwa amayesa kuti nayenso Mulungu akadali wokwiya.

Funso la mmene mpingo ungalandirire ogwa linagawanitsa Akhristu kalekale, ndipo mbali yaikulu ya mkanganowo inachitikira kuno ku Africa. M'chaka cha 250 mfumu ya Roma, Decius, inalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ya boma pamaso pa akuluakulu, n'kulandira chikalata chotsimikizira. Zikalata zina zoterezi zinapezeka ku Egypt ndipo zilipo mpaka lero, zonena kuti uje wathira nsembe ndi kulawa nyama yake. Ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, Akhristu ambirimbiri anakapereka nsembe, ena osadikira n'komwe kugwidwa. Ena anagula chikalatacho mwachinyengo osapereka nsembe. Ochepa anakana n'kumangidwa kapena kuphedwa. Chizunzo chitazilala, ogwa aja anafika pakhomo pa tchalitchi akufuna kubwerera, ndipo m'katimo munali amasiye a anthu amene anafera chikhulupiriro. Tangoganizani mmene ankayang'anirana.

Panabuka mbali ziwiri. Ena ankagawa makalata olandirira ogwa mwachisawawa, opanda kufunsa kanthu. Ku Roma, wansembe wina dzina lake Novatian ananena kuti mpingo ulibe mphamvu yobwezera munthu wokana Khristu, ndipo m'chaka cha 251 anadzipatula n'kukhala bishopu wopikisana ndi Cornelius, bishopu wa ku Roma. Bishopu wa ku Carthage, Cyprian, amene iyenso ankanenedwa chifukwa anabisala nthawi ya chizunzo, anaima pakati. Msonkhano wa mabishopu wa mu 251 unagamula kuti ogula zikalata abwezedwe atalapa, koma opereka nsembe apitirize kulapa, adzalandiridwe akakhala pafupi kufa. Pasanapite nthawi, ataona kuti chizunzo china chikubwera, mabishopu omwewo anafewetsa lamulo n'kulandira onse olapa. Chifukwa chimene anapereka n'chimene chimandigwira mtima: anati munthu amene akupita kunkhondo simungamumane chakudya cha pagome la Ambuye n'kumayembekeza kuti alimba. Cyprian yemweyo anadulidwa mutu mu 258. Pofika pa msonkhano wa ku Nicaea mu 325, otsatira Novatian ofuna kulowanso mumpingo ankalamulidwa kulonjeza molemba kuti adzadya mgonero pamodzi ndi anthu amene anagwa pa chizunzo.

Komabe kwa zaka mazana angapo kulapa kwa machimo aakulu kunali kwa poyera, kowawa, ndiponso kololedwa kamodzi kokha pa moyo wa munthu. Zotsatira zake, anthu ankazengereza mpaka pa bedi la imfa. Amonke a ku Ireland ndi amene anafalitsa mwambo woulula kwa wansembe mseri, mobwerezabwereza, ndipo mu 1215 msonkhano wachinayi wa ku Lateran unalamula Mkatolika aliyense kulapa kosachepera kamodzi pachaka. Martin Luther mu 1517 anayamba mfundo zake 95 ndi kunena kuti moyo wonse wa wokhulupirira uyenera kukhala wa kulapa. Njira zinasiyana, koma mpingo unaphunzira movutikira kuti ukatseka khomo kwambiri anthu sayera, amangobisala.

Lero kwa Akatolika njira ndi sakramenti la kulapa. Amene akudziwa kuti ali ndi tchimo lalikulu salandira Ukaristia asanakalape, koma palibe chimene chimamuletsa kupemphera kapena kupita ku Misa, ndipo wansembe saloledwa kuulula zimene wamva ngakhale zitavuta bwanji. Chiphunzitso chawo chimanenanso kuti chisoni chochokera m'chikondi cha pa Mulungu chimabweretsa chikhululukiro ngakhale munthu asanafike kwa wansembe, bola akhale wotsimikiza kukalapa msanga. Ku CCAP ndi mipingo ina yambiri, wolakwa amaitanidwa pamaso pa akulu a mpingo, n'kuimitsidwa mgonero kapena kudulidwa, ndipo akafuna kubwerera amayamba waphunzira kalasi asanabwezedwe. Ku mipingo ya Chipentekoste wobwerera m'mbuyo amapita kutsogolo kukadziperekanso, ngakhale kuti nakonso wa udindo amayamba wakhazikidwa pansi.

Mwambo wa mpingo uli ndi maziko m'Malemba, pa Mateyu 18:15-17 ndi 1 Akorinto 5, ndipo mpingo wosadzudzula kanthu si wachikondi. Koma cholinga chake n'kubweza munthu. Paulo yemwe uja analamula Akorinto kuchotsa wochimwa pakati pawo, pa 2 Akorinto 2:6-8 akuwauza za munthu amene anamulanga kuti chilangocho chakwana, amukhululukire ndi kumutonthoza, kuopa kuti angamizidwe ndi chisoni chopitirira. Mbali iyi timaiiwala. Lamulungu la mgonero, mtsikana woimitsidwa amatuluka pamodzi ndi ana, n'kukaima pansi pa mtengo akumva nyimbo ya m'kati, mimba yake ikuonekera aliyense. Mwamuna amene anamupatsa mimbayo nthawi zina ali m'katimo, wavala jekete, chifukwa tchimo lake silitupa. Miyezi imatha popanda mkulu wa mpingo kapena mayi wa Mvano kapena wa Chigwirizano wofika pakhomo pake. Mtsikana ameneyo akamaganiza kuti Mulungu anamutaya, wamuphunzitsa zimenezo ndi ife. Akulu a mpingo angamuimitse pagome kwa kanthawi, koma alibe kiyi wa chipinda chake chopemphereramo, ndipo ayenera kumuuza zimenezi momveka tsiku lomwe akumuimitsalo.

Mlandu suola

Davide anakhululukidwa nthawi yomweyo, koma mwana uja anamwalira, ndipo lupanga silinachoke m'nyumba mwake: tsoka linagwera ana ake Amnoni, Tamara ndi Abisalomu. Chikhululukiro sichifafaniza zotsatira. Ngongole ilipobe, matenda alipobe, mkazi amene munamunyenga sayamba kukukhulupirirani chifukwa choti mwalira m'pemphero. Anthu ena akaona zimenezi amati Mulungu sanawakhululukire. Ena amatembenuza n'kumati poti Mulungu wakhululuka, nkhani yatha, wodandaula ndiye wosapemphera. Onse awiri alakwitsa.

Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda. Taonani ndondomeko yake: Yesu analowa kaye, kubweza kunabwera pambuyo. Mateyu 5:23-24 akuti ukakumbukira uli paguwa kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya mtulo wako pomwepo, kayanjane naye, ubwere udzapereke. Ngati munadya ndalama za banki m'khonde, kulapa kwanu kuli ndi nambala yake, ndipo nambalayo anzanu akuidziwa. Ngati munaipitsa mbiri ya munthu pa gulu la WhatsApp, kukonza kwake n'komweko. Amene munamulakwirayo mungamupemphe chikhululukiro, koma simungamulamule, kapena kumuikira tsiku. Ndipo pali milandu ina, monga kugwirira mwana, imene si yothera m'chipinda cha akulu a mpingo. Wolapa moona pa mlandu wotere sathawa apolisi, ndipo mpingo umene ukubisa nkhani yotere m'dzina la chikhululukiro ukuwonjezera tchimo pa tchimo.

Tsono usiku uno munene chiyani?

Nenani chimene munachita, ndi dzina lake. "Mutikhululukire pamene tinalakwa m'maganizo, m'mawu ndi m'zochita" ndi pemphero labwino pagulu, koma munthu angabisalemo zaka 10. Mukakhala nokha nenani kuti ndinagona ndi uje, ndinaba zakuti, ndinanama pakuti. Mulungu sakumva nkhani yachilendo. Amene akufunika kuimva ikutuluka pakamwa ndi inuyo.

Mawu akasowa, bwerekani. Masalimo 51, 32 ndi 130 analembedwera nthawi ngati imeneyi, ndipo kuwawerenga mokweza pang'onopang'ono ndi pemphero lokwanira. Pemphero la Ambuye nalo lili ndi pempho la chikhululukiro moyandikana ndi la chakudya chalero. Yesu ankadziwa kuti ophunzira ake adzafuna zonse ziwiri kawirikawiri. Aroma 8:26 ikuvomereza kuti sitidziwa kupempha monga kuyenera, ndipo Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka. Musayambe ndi malonjezo akuluakulu oti muzidzuka 3 koloko usiku uliwonse. Malonjezo otere amatha Lachinayi, ndipo kulephera kwake kumasanduka manyazi atsopano. Mphindi zochepa pa nthawi yodziwika tsiku ndi tsiku zimapita patali.

Mwina simudzamva kanthu. Ena amayembekeza misozi kapena kupepuka mumtima, ndipo zikapanda kubwera amati pemphero lagunda denga. Lonjezo la pa 1 Yohane 1:9 laima pa kukhulupirika kwa Mulungu, ndipo kalata yomweyo pa 3:20 ikuti mtima wathu ukatitsutsa, Mulungu ndi wamkulu kuposa mtima wathu. Pali kusiyana pakati pa kutsutsidwa ndi Mzimu ndi kunenezedwa ndi mdani. Mzimu amaloza chinthu chimodzi chodziwika, n'kukuonetsani chochita nacho. Woneneza amangoti ndiwe wachabechabe, wachinyengo, usadzivute, ndipo amabweretsanso milandu imene munaitula kale.

Pezani munthu mmodzi womuuza. Yakobo 5:16 akuti tiululirane machimo ndi kupemphererana kuti tichiritsidwe. Mmodzi, wokhwima, wosunga pakamwa. Osati gulu lonse la mapemphero, kumene nkhani yanu idzatuluka ngati "chopempherera" n'kufika kumsika dzuwa lisanalowe.

Nanga ngati mwagwanso pa chomwecho, kachitatu, kakhumi? Apa m'pamene ambiri amatayira mtima, poganiza kuti akumuseweretsa Mulungu. Yesu pa Luka 17:4 analamula ophunzira kuti mbale akawalakwira kasanu ndi kawiri pa tsiku limodzi, n'kubwera kasanu ndi kawiri kudzalapa, amukhululukire. Sangatilamule chifundo choposa chake. Paulo naye anatseka khomo la mbali inayo pa Aroma 6:1-2: tipitirize kuchimwa kuti chisomo chichuluke? Msatero ayi. Chosiyanitsa wofooka ndi woseweretsa chisomo si kuchuluka kwa kugwa, koma zimene akuchita ndi njira yopita kutchimoko. Yesu ponena za kudula dzanja lokuchimwitsa sankanena za chikwanje. Lero dzanjalo ndi nambala ya foni imene simukuifufuta, njira yodutsa pa malo omwera mowa pamene ina ilipo, kubetcha kwa pafoni tsiku la malipiro. Ndipo uchidakwa kapena juga zikafika pomanga munthu, kupempha thandizo kwa achipatala kapena alangizi si kuchepa chikhulupiriro.

Pali funso lina limene limavuta m'mipingo: wa udindo akagwa n'kulapa, abwerere pa udindo? Petro anabwezedwa, n'kupatsidwa nkhosa zoti adyetse. Koma 1 Timoteo 3 imafuna kuti woyang'anira akhale wopanda chomuneneza, wa mbiri yabwino ngakhale kwa akunja, ndipo mbiri imamera pang'onopang'ono. Msungichuma amene anadya chopereka angakhululukidwe lero, n'kudzabwerera pagome la Ambuye pa nthawi yake, mpingo n'kumulandira ndi manja awiri. Kumubwezera buku la ndalama mwezi womwewo n'kumuika pa yesero limene langomugwetsa kumene. Ena adzabwerera pa udindo patapita zaka. Ena, makamaka amene anapweteka ana kapena anthu amene ankawayang'anira, sayenera kubwererapo konse, ndipo wolapa moona sakhala woyamba kuumirira mpando.